Pilot chute inakana kukoka pini: lipoti la ngozi ya mnzathu kunja kwa Lusaka

Ntchito yanga ndi yopinda maparachuti a rizevu, aja otsegula parachuti yaikulu ikakanika, ndi kukonza zida za anthu odumpha mundege kuno ku Lusaka. Lipotili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, aphunzitsi, ndi aliyense amene amadzipindira yekha main, parachuti yaikulu yodumphira. Likukamba za mnyamata wa m'kagulu kathu amene pilot chute yake, kaparachuti kakang'ono kotulutsa main, inatuluka bwinobwino koma n'kulephera kukoka pini yotsekera chikwama cha kumsana, mu Okutobala chaka chatha. Ali moyo, akuyenda, ndipo anayambanso kudumpha. Chondilembetsa n'chakuti chizindikiro choyamba chinadutsa m'manja mwanga miyezi iwiri ngoziyo isanachitike, ine n'kuchiyang'ana koma osachiona.

Munthuyo ndi zida zake

Anali ndi zaka 29, wogwira ntchito ya muofesi m'tauni. Kudumpha anaphunzirira ku South Africa, ndipo m'logibuku mwake munali maulendo 180. Atavala zonse ankalemera makilogalamu 92.

Zida zatsopano kuno n'zodula koopsa, choncho ambiri a ife timavala za salaula. Iyenso anagula kontena yake, chikwama cha kumsana chonyamulira maparachuti onse awiri, kwa munthu wina ku Johannesburg, pamodzi ndi rizevu, AAD (kamakina kotsegula rizevu munthu akalephera kutsegula yekha) ndi pilot chute. Kontenayo inasokedwa kuti muzilowa main ya masikweya fiti pakati pa 135 ndi 150, ndipo rizevu yake inali ya 143. Pomvera malangizo abwino oti asathamangire kaparachuti kakang'ono, mnyamatayo anagula main ya 170 payokha n'kuikanikizira momwemo. Nzeru inali yabwino, koma chikwama sichinali chake. Zinali ngati kulonga ufa wa makilo 25 m'thumba la makilo 20. Ankatseka ndi bondo, thukuta lili kamukamu, anzake akumuseka.

Kwa amene angoyamba kumene, ndifotokoze mwachidule. Pilot chute yoponya ndi dzanja anaiyambitsa ndi Bill Booth m'zaka za m'ma 1970, yemweyo amene anapanga mphete zitatu zodulira main, kapena kuti kuitaya ikavuta. Ukaiponya m'mphepo imafufuma, n'kukoka lamba wotchedwa bridle, bridle n'kuzula pini yokhota pa lupu (kachingwe kotsekera kontena), kontena n'kutseguka, thumba la main n'kutuluka. Maparachuti atayamba kukhala aliwiro, anthu anaona kuti pilot chute yofufuma ikamalendewera kumbuyo imakoka ndi kupotoza phiko, ndiye anaikamo kachingwe kotchedwa kill line. Kachingweka kamadutsa m'kati mwa bridle, kuchokera pansonga pa pilot chute kukafika pamwamba pa main. Main ikatuluka m'thumba, kamakoka nsongayo, pilot chute n'kuphwa. Ndiye popinda pamafunika kuitcheranso, monga timatcherera msampha, ndipo pa bridle pali kawindo kakang'ono komwe mtundu wopakidwa pa kill line umaonekera ikatcheredwa.

Chizindikiro choyamba

Munali mu Ogasiti, nyengo ya mphepo ndi fumbi. Mnyamatayo anandipeza ndili pakati potseka rizevu ya munthu wina, nthawi imene sindifuna ngakhale moni.

"Ba mdala, ndikaponya pamadutsa kanthawi ndisanamve kukoka. Sekondi imodzi, mwina ziwiri."

Ndinatembenuza kontena yake ndi dzanja limodzi, n'kutukula chivundikiro cha pini. Pini inali m'malo mwake, bridle inadutsa njira yake, pakawindo panali pobiriwira. Ndinamuuza kuti ndi mphepo yakufa ya kumsana. Aliyense wodumpha amaidziwa: ukamagwa chafufumimba, pamsana pako pamakhala kadambo kopanda mphepo yolunjika, ndipo pilot chute yoponyedwa mwaulesi imakavina pamenepo isanagwire mphepo. Ndinati, "Mphwanga, uziponya ngati ukuponyera galu mwala, osati ngati ukupatsira mwana switi. Ikachedwa, cheuka paphewa kuti mphepo idutse." Anaseka, n'kumapita.

Choipa kwambiri n'chakuti malangizowo anaoneka ngati agwira ntchito. Masabata awiri otsatira anaponya mwamphamvu, ikachedwa n'kucheuka, ndipo sanabwerenso kudzadandaula. Iye anaganiza kuti vuto linali dzanja lake, inenso ndinadzimva kuti ndine katswiri. Chonsecho kuponya mwamphamvu kunkangobisa matenda.

Rizevu yake ndinali nditaipinda mu Juni. Ndinayendera malamba, mphete, zingwe zodulira, lupu ya rizevu ndi masiku a AAD, zonse zili bwino. Main anabwera ataichotsa, pamodzi ndi thumba lake ndi pilot chute, ndipo ine sindinaifunse. Mwambo wathu unali womwewo: rigger, wopinda ndi kukonza zida ngati ine, asamale rizevu, main ndi ya mwini wake.

Kumapeto kwa Sepitembala ndinapita kumaliro ku Katete ndipo ndinakhalako masabata awiri. Ndili komweko, mnyamatayo anaona kuti ulusi wa pansonga pa pilot chute, pafupi ndi chogwirira, wayamba kusomphoka. Posafuna kuphonya Loweruka lotsatira, anaitengera kwa telala wina ku Kamwala kuno ku Lusaka, wosoka zikwama ndi matenti. Sanauze munthu aliyense.

Tsiku lenilenilo

Linali Loweruka loyamba la Okutobala, cha m'ma 2 koloko masana, kutentha kuli pa madigiri 33. Anakwera anayi m'kandege kathu ka Cessna, kamene nyengo yotentha kamakwera ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda. Asanakwere, mnzake anamuyendera monga mwa nthawi zonse: malamba, zogwirira zitatu, pini, kawindo. Pobiriwira. AAD inali yoyatsa.

Zotsatirazi tinaziona pa kanema wa mnzake amene anatsegula pamwamba pake pang'ono, ndi pa altimita yake yoyezera kutalika kuchokera pansi, yomwe imasunga ulendo wonse. Anatuluka pa mafiti 8,000 kuchokera pansi. Pa mafiti 3,500 anaponya, ndipo anaponya bwino, dzanja lotambasuka. Bridle inatambasuka yonse. Pa kanemayo pilot chute ikuoneka ili kumapeto kwake, koma m'malo mofufuma ngati mpira ikungopupuma ngati sokosi yoyanikidwa pawaya. Pini sinasunthe.

Anacheuka paphewa monga ndinamuuzira. Palibe. Anagunda kontena ndi chigongono kawiri. Palibe. Kenako anachita chimene sitiphunzitsa: anapititsa dzanja kumsana kufunafuna bridle kuti aikoke yekha, thupi n'kupendekeka mutu kuloza pansi. Munthu wogwa chafufumimba amathamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola, ndiye kuti mafiti 1,000 amatha m'masekondi asanu ndi theka. Zonsezi zinamudyera masekondi asanu ndi limodzi. Pa mafiti 2,300 anasiya, n'kudziwongola, n'kudula main, n'kukoka rizevu. Inatseguka bwino ali pa mafiti 1,500.

AAD yake inali CYPRES ya odziwa kale kudumpha, imene imadula lupu ya rizevu munthu akafika cha pa mamita 225, kapena kuti mafiti 750, akugwabe pa liwiro loposa mamita 35 pa sekondi. Akanayesa bridle ija kachiwiri, makinawo ndi amene akanamutsegulira. RSL, lamba wotsegula rizevu main ikadulidwa n'kuchoka, anali nayo yolumikiza, koma pa vuto ngati ili ilibe ntchito, chifukwa malamba a main sachoka paphewa ngati palibe chowakoka.

Rizevu itangotuluka, kontena inafewa, pini ya main n'kutsetsereka yokha, thumba n'kugwa. Popeza anali atadula kale, linangoyoyoka n'kupita kwake osakhudza rizevu.

Kubwalo sakanafikanso. Anasankha munda wa chimanga wokolola kale, kupewa mawaya a magetsi ndi chulu chachikulu cha m'mphepete. Anatera mothamanga, anachedwa kukoka mabuleki, miyendo ili yotambasula m'malo moiphatikiza kuti agubuduke. Mzere wa m'munda mu Okutobala ndi wouma ngati njerwa yowotcha. Fupa laling'ono la mwendo wamanja linathyoka pafupi ndi kakolo. Woyamba kumupeza anali agogo ena a pamudzi wapafupi, amene anatiuza pambuyo pake kuti ankayesa ndege ya afiti yatha mafuta masanasana. Anamutchinga dzuwa ndi chitenje mpaka galimoto yathu inafika. Thumba la main ndi thumba la rizevu anatitolera ana a pamudzipo dzuwa lisanalowe, ndipo tinawathokoza moyenera.

Zomwe ndinapeza patebulo

Lolemba m'mawa ndinayala zonse. Poyamba ndinatchera pilot chute monga amachitira iye, kuponda thumba n'kukoka chogwirira mpaka kulimba. Pakawindo panabiriwira. Ndinaigwira pa bridle n'kuigwedeza m'mwamba: inagwira kamphepo pang'ono mbali imodzi n'kukwinyika.

Ndiye ndinasuzumira m'kati kudzera pa neti ya pilot chute, chinthu cha masekondi khumi chimene ndikanachita mu Ogasiti. M'kati mwa pilot chute muli timalamba tiwiri tapakati tomwe timaletsa nsonga kukwera mopitirira. Ikatcheredwa bwino, timalambato ndi timene timayenera kukungika, kill line n'kukhala yolendewera pang'ono. Apa zinali zosiyana. Kill line inali yokungika ngati nsambo ya banjo, timalamba tili lendelende. Ndiye kuti ngakhale munthu akoke bwanji, pilot chute imeneyi inkanyamuka ili yophwa kale theka.

Ndinalembera opanga kontenayo kupempha muyeso weniweni wa kill line, n'kuisolola kuti ndiyeze. Inali yoperewera ndi masentimita 11. Asanu anali a telala: posoka pansonga paja anapinda kachingweko n'kukasokerera pamodzi ndi nsalu kuti palimbe. Enawo asanu ndi limodzi kanafupika kokha. Kill line yambiri ndi ya Spectra, chingwe cholimba ndi choterera koma chosapirira moto, chimasungunuka cha pa madigiri 150 pomwe nayiloni imafika cha pa 250. Ulendo uliwonse kachingweko kamathamanga m'kati mwa bridle, kamatentha ndi kukhulana, n'kufupika pang'onopang'ono. Fumbi lathu lofiira likalowamo, kukhulanako kumakula. N'chimodzimodzi ndi zingwe za m'mphepete mwa main zimene slider, kansalu kotsetsereka pa zingwezo parachuti ikamatseguka, imazifupikitsa.

Chimene chinandiuma pakamwa ndi ichi. Pa kill line panali zizindikiro ziwiri. China chinali cha buluu, chakale, chofufuluka, chomwe sichinkafikanso pakawindo ndipo chinkabisala m'kati mwa bridle. Masentimita angapo kuchokera pamenepo panayambira chobiriwira, chachitali ngati chala, chopakidwa ndi cholembera wamba. Munthu wina m'mbuyomu ataona kuti mtundu suonekanso, m'malo mofunsa chifukwa chake anangopakanso pomwe pankaoneka. Chobiriwira chimene ndinachikhulupirira mu Ogasiti, chimenenso mnzake anachikhulupirira pakhomo pa ndege, chinkangonena kuti chingwe chakokedwa mpaka pothera. Sichinkanena kuti pothera pakepo ndi poyenera.

Telala uja ndilibe naye mlandu. Msoko wake unali wowongoka kuposa wanga. Anapatsidwa kanthu kooneka ngati kachikwama kong'ambika, anakasoka kuti kalimbe. Ulusi wake ndinaudula ndi zala, pomwe wathu wa nayiloni wa saizi E umapirira pafupifupi makilogalamu 4, koma ulusiwo sunaduke m'mwamba ndipo si umene unabweretsa ngozi.

Nsalu ya pilot chute nayonso inali yotha. Nditaiika pakamwa n'kuuzira, mpweya unkadutsa mosavuta.

Chinatsala ndi pini. Mnyamatayo ali ndi chikhakha kunyumba, ndinapinda main yake n'kuitseka ndi lupu yomweyo, ndipo ndinatuluka thukuta ngati iye. Ndinakoletsa sikelo yolendewera, yonga ya ogulitsa kapenta kumsika wa Soweto, pa bridle n'kukoka. Pini inazuka pa makilogalamu 9. Makontena ena atatu omwe anali pashelefu anazuka pakati pa 3 ndi 4. Musaiwale kuti nyengo yadzuwa mpweya ukauma nsalu imakula popinda, choncho kontena imene inkatsekeka movutikira mu Marichi, mu Okutobala inali ngati ng'oma.

Pilot chute yabwino pa liwiro lakugwa imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu makumi angapo, moti 9 sakanaiimitsa. Komanso pilot chute yotopayo ikanakhala pa kontena yofewa, mwina ikanapitiriza kuzula pini mochedwachedwa kwa chaka china. Kufupika kwa chingwe, nsalu yotha ndi kontena yothina ndi zimene zinkapanga sekondi ziwiri za mu Ogasiti zija. Masentimita asanu a ku Kamwala anangomalizitsa.

Mkangano wa kudula

Tinakangana madzulo onse pa nkhani imeneyi, ndipo sindinganame kuti tinagwirizana. Pilot chute ikamakokedwa kumbuyo kontena ili chitsekere, pali njira ziwiri, ndipo buku la malangizo la USPA, bungwe la odumpha mundege la ku America, limavomereza zonse: kukoka rizevu nthawi yomweyo osadula, kapena kudula kaye kenako rizevu. Osadula amati umapulumutsa nthawi, komanso rizevu ikakolana ndi bridle umakhala udakali ndi main yolumikiza yomwe ingakupatse nsalu ina pamutu. Odula amati main ikadzatuluka mochedwa, monga zinachitikira apa, imangochoka m'malo mokhala ndi maparachuti awiri otseguka omwe angathe kulozetsana pansi. Ndipo malamba a main yodulidwa nawonso angathe kukola rizevu pochoka. Palibe njira yopanda chiopsezo.

Kwathu timaphunzitsa kudula kenako rizevu, pa chifukwa chimodzi: munthu wa maulendo ochepa akhale ndi njira imodzi m'manja mwake pa vuto lililonse loti waponya kale. Tinasiya choncho. Kuti zinamuyendera bwino tsiku limenelo si umboni woti anzathu enawo akulakwa.

Chimene tonse tinavomerezana ndi masekondi asanu ndi limodzi aja. Kucheuka kamodzi n'koyenera. Chigongono, ena amalola kamodzi. Kupita ndi dzanja kumsana ndi kumene kukanamupha, chifukwa bridle ikakulunga pamkono, rizevu imatulukira m'chisokonezo. Nditamufunsa kuchipatala, anati, "Ba mdala, ndinkadziwa kuti ingochedwa ngati masiku onse. Ndinkadikira." Mawu amenewo anandilasa. Miyezi iwiri ya kuchedwa pang'onopang'ono inamuzoloweza kudikira, ndipo amene anamuuza kuti kuchedwako si kanthu ndine.

Rizevu ya 143 ku Lusaka

Mwendo sunathyoledwe ndi pilot chute. Makilogalamu 92 ndi mapaundi pafupifupi 203, ndiye pa rizevu ya 143 sikweya fiti iliyonse inkanyamula mapaundi 1.4. Pa main yake ya 170 anazolowera 1.2. Ndiye tsiku loipa kwambiri, mtima uli m'mwamba, m'munda wachilendo, anapezeka pansi pa parachuti yaing'ono kuposa iliyonse imene anaulutsapo, ya zipinda zisanu ndi ziwiri, yansalu ina, yomva mabuleki mosiyana.

Onjezanipo malo athu. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Kukatentha madigiri 33, mpweya umapepuka ngati wa pamalo opitirira mafiti 7,000. Parachuti yomweyo imathamanga kuposa kugombe ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kupitirirapo pang'ono, kutsogolo ndi kutsika komwe. Matebulo ambiri osankhira saizi amawerengera mpweya wa kugombe. Munthu akabwera ndi zida zogulidwa kwina n'kunena kuti mwini wake wakale ankalemera chimodzimodzi, funso langa tsopano limakhala lakuti ankadumphira kuti, ndipo anali ndi maulendo angati.

Zomwe tinachita

Pilot chute ndi bridle ndinasintha zonse, osati kill line yokha, chifukwa nsalu inali itapita. Zinatenga masabata asanu kuti zifike. Kontena ndinakana kuisainira kuti iye adumphe nayo, ngakhale inalibe chilema. Sizinamusangalatse, poti ndalama zake zinali mmenemo, ndipo kwa masiku angapo sankayankha foni yanga. Pamapeto pake anaigulitsa kwa mtsikana wina wopepuka thupi wa maulendo oposa 600, amene main yake ya 135 inalowamo bwino. Iye anapeza ina yolowa 170 mosakakamiza, yokhala ndi rizevu ya 176.

Loweruka lotsatira ngoziyo palibe anadumpha mpaka titayala makontena onse khumi ndi imodzi a pabwalo. Aliyense anatchera pilot chute yake n'kusuzumira m'kati ndi maso ake, ine ndili pambali. Atatu anapezeka ndi kill line yokungika kuposa timalamba. Imodzi inali yanga.

Kuyambira pamenepo sindilandira kontena yodzapinditsa rizevu ngati main, thumba ndi pilot chute zatsala kunyumba. Timapinda miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndiye kawiri pachaka zonse zimadutsa patebulo. Dandaulo la katsegukidwe sindiliyankhanso choimirira: ngati manja ali otangwanika, kontenayo imadikira pashelefu ndipo mwini wake amabwereka ina. Mtundu pa kill line amapaka ndi rigger yekha, atayeza. M'kabati mwanga muli pilot chute imodzi yobwereketsa, ndipo kiyi ali ndi woyendetsa ndege, kuti ine ndikakhala ku Katete munthu asaganizenso za ku Kamwala.

Chikhakha anachotsa patapita masabata asanu ndi limodzi, kenako miyezi iwiri yolimbitsa mwendo. Asanakwerenso ndege tinamupachika pa malamba ophunzitsira mpaka manja anazolowera: ponya, werenga, cheuka kamodzi, dula, rizevu. Tinamugubuduzanso pa udzu ngati wophunzira watsopano, anzake akuwombera m'manja. Anadumpha mu Febuluwale, m'mawa wina mvula itapereka mpata, ndi parachuti yobwereka ya 210. Anaponya pa mafiti 4,500, ndipo atatera anandiuza kuti inamudzidzimutsa, chifukwa anali ataiwala kuti pilot chute imakoka dzanja lisanabwerere.